Nyumba ya ku Poissy ndi Mvula ya ku Mchinji

Aliyense amene adakhalapo kuno ku Mchinji m'mwezi wa Januwale amadziŵa kuti nyumba imayesedwa ndi mvula. Nthaŵi ya chilimwe nyumba zonse ndi zabwino: ya udzu, ya malata, ngakhale chisakasa cha kudimba. Koma mitambo ikachita bii pamwamba pa mapiri a m'malire, ndi pamene mwininyumba amazindikira ngati mmisiri wake adagwira ntchito yoona kapena ayi. Tayamba ndi mau ameneŵa chifukwa tifuna kukamba za nyumba ina yotchuka pa dziko lonse, imene akatswiri a zomangamanga amaiika m'gulu la nyumba zopambana za m'zaka za m'ma 1900, chonsecho eniake adalephera kukhalamo mwamtendere poti inkadontha.

Dzina la nyumbayo ndi Villa Savoye. Ili m'tauni ya Poissy, mtunda wa makilomita ngati 30 kuchokera ku Paris, m'dziko la France. Tidachita mwai wokaiona pamene tidali paulendo wa maphunziro, ndipo zimene tidaona kumeneko taganiza kuti tigaŵane ndi aŵerengi athu. Ambiri a inu ndinu ansembe, ena mudzakhala ansembe posachedwa, ndipo tsiku lina Akhristu adzakuikirani m'manja ndalama zawo za mtedza ndi fodya kuti muŵamangire tchalitchi, sukulu kapena nyumba ya paparishi. Tsiku limenelo mudzayenera kusankha pulani, ndipo kusankha kwanu kudzakhala pamitu pa anthu zaka makumi ambiri.

Mmisiri ndi maganizo ake

Wolemba pulani ya nyumbayi adali Le Corbusier, dzina lake lobadwa nalo Charles-Édouard Jeanneret, amene adabadwira ku La Chaux-de-Fonds m'dziko la Switzerland mu 1887. Adagwira ntchitoyi mothandizana ndi mbale wake Pierre Jeanneret, kuyambira mu 1928 kufikira mu 1931. Eniake adali Pierre Savoye, mkulu wa bizinesi ya inshuwalansi, ndi mkazi wake Eugénie, amene ankafuna malo okapumulirako kutali ndi phokoso la mumzinda.

Le Corbusier adali munthu wa maganizo olimba. M'buku lake la mu 1923, lotchedwa Vers une architecture, adayerekeza nyumba ndi makina, ndipo adalangiza amisiri anzake kuti aleke kukopera zokongoletsa zakale, m'malo mwake aphunzire kwa opanga sitima zapamadzi, ndege, magalimoto ndi nkhokwe zikuluzikulu za tirigu za ku America. Zinthu zimenezi, m'kuona kwake, zidali zokongola chifukwa chiwalo chilichonse chidali ndi ntchito yake. Pambuyo pake adasonkhanitsa maganizo ake m'mfundo zisanu. Yoyamba, nyumba iime pa mizati ya konkire, pansi pake pakhale poyera. Yachiŵiri, denga likhale lafulati, lisanduke dimba ndi malo oothera dzuŵa. Yachitatu, popeza mizati ndiyo isenza kulemera konse, makoma a m'kati aikidwe paliponse pamene munthu afuna. Yachinayi, mazenera akhale aatali mopingasa, kuchokera pangodya kufika pangodya. Yachisanu, khoma lakunja lisasenze kanthu, likhale ngati chovala chabe. Villa Savoye ndiyo nyumba imene mfundo zisanu zonsezi zidakwaniritsidwa pamodzi momveka bwino.

Zimene tidaona

Munthu ukaloŵa pachipata umayamba wadutsa m'kankhalango, kenaka mwadzidzidzi umatulukira pabwalo la kapinga. Pakati pa bwalolo paima bokosi loyera mbee, lotsamira pa timizati toonda. Chigaŵo chapansi adachibweza m'kati nachipaka utoto wobiriŵira wodera, mwakuti ukaima patali umaona ngati nyumbayo ili m'malere. Kunena zoona, tidaima kanthaŵi osalankhula, pakuti zithunzi za m'mabuku sizidatikonzekeretse mokwanira.

Khoma lagalasi la chigaŵo chapansi ndi lokhota, ndipo kukhota kwake adakuyesa molingana ndi mmene galimoto ya masiku amenewo inkakhotera. Mwininyumba ankafika pagalimoto, naloŵa pansi pa nyumba pakati pa mizati, natsika pakhomo penipeni, dalaivala nkupitiriza kukaimika galimoto m'galaji. Ukangoloŵa umakumana ndi beseni losambira m'manja, loima palokha pakati pa chipinda. Chimenechi chidatikondweretsa, chifukwa chidatikumbutsa mwambo wathu wopatsa mlendo madzi asanakhudze chakudya. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu madziwo amabwera m'manja mwa munthu amene wagwada, pamene kumeneko amatuluka pampopi.

Kuchokera pamenepo pali njira ziŵiri zokwerera. Ina ndi makwerero ozungulira, achidule. Ina ndi njira yopendekeka yopanda masitepe, imene imakwera pang'onopang'ono pakati pa nyumba kufikira padenga. Njira imeneyi ndiyo mtima wa nyumba yonse. Pamene ukukwera, zinthu zimaoneka chimodzichimodzi: poyamba kuŵala kochokera m'mbali, kenaka chipinda chachikulu chochezera, kenaka khoma lagalasi limene limakankhidwa kutsekula njira yopita pabwalo lam'mwamba, ndipo potsiriza zenera lopanda galasi pakhoma la padenga, limene limadula kachigaŵo ka mitengo ndi thambo ngati chithunzi chopachika. Mmisiriyu ankadziŵa kuti nyumba munthu amaimva ndi mapazi, ndipo adakonza ulendo wa mapaziwo mosamala ngati mmene amakonzera mdipiti wa pa tsiku lalikulu. Pa chinthu ichi tiyenera kumvulira chipewa. Ndi nyumba zoŵerengeka zimene zimaphunzitsa munthu kuona kuŵala kwa dzuŵa monga imachitira nyumba imeneyi.

Komabe titazungulira kaŵiri tidayamba kumva kusoŵa kwina. Lero m'nyumbamo simukhala munthu. Muli mipando yoŵerengeka chabe, ndipo alendo amayendamo ndi makamera awo. Tidayesa kuganiza za mwana akukwaŵa, za nkhalamba yodwala, za alendo khumi obwera kudzapepesa maliro, koma maganizo athu adalephera kuŵapezera pokhala. Nyumbayi imaoneka yokwanira pamene ili yopanda anthu, ndipo chimenechi chidatidetsa nkhaŵa.

Umboni wa mvula

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Banja la Savoye litangoyamba kukhalamo, denga lafulati lija lidayamba kudontha. Makalata amene Mai Savoye adalembera mmisiriyo adasungidwa mpaka lero. M'makalata a mu 1936 ndi 1937 adadandaula kuti madzi ankagwa m'chipinda cholandirira alendo, panjira yokwerera ija ndiponso m'bafa, kuti khoma la galaji lidali lonyoŵa, ndipo potsiriza adachita kutchula za kukhoti. Nyumbayo idali yachinyontho ndi yovuta kufunditsa nthaŵi yozizira chifukwa cha kuchuluka kwa magalasi. Mu 1940, nkhondo itafika, banjalo lidachoka. Asilikali a ku Germany adakhalamo, pambuyo pake a ku America, ndipo nkhondo itatha nyumba yotchukayo idasanduka mosungira udzu ndi zokolola.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 akuluakulu a tauni ya Poissy adatenga malowo kuti amangepo sukulu, ndipo nyumbayo ikadagwetsedwa pakadapanda amisiri a m'maiko ambiri amene adadandaula. André Malraux, amene adali nduna ya zachikhalidwe, adaloŵererapo, ndipo mu 1965, chaka chimene Le Corbusier adamwalira, nyumbayo idalembedwa m'kaundula wa chuma chakale cha dziko la France. Idakonzedwa kwa zaka zambiri ndi ndalama za boma, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la ntchito 17 za Le Corbusier, za m'maiko 7, zoyenera kusungidwa ndi anthu onse.

Ena amati kudontha ndi nkhani yaing'ono, poti luso lotchinga madzi pa denga la konkire lidali lisanakhwime masiku amenewo, ndipo woyamba njira ndiye amalasidwa ndi minga. Mau ameneŵa ali ndi choona chake. Koma ife tikuti minga ija idalasa banja limene lidalipira, pamene mmisiri adalandira ulemu. Nyumba ndi yosiyana ndi chithunzi chojambula. Chithunzi chikakuipira umachichotsa pakhoma. Nyumba umagonamo ndi ana ako. Choncho wolemba pulani ali ndi ngongole kwa anthu amene adzakhalamo, ndipo kukongola, ngakhale kukule chotani, sikungafafanize ngongoleyo.

Okhala pansi ndi okhala pachipata

Pali chinthu chinanso chimene alendo ambiri amachipitirira. Chigaŵo chapansi chija, chimene adachipaka utoto wodera kuti chisaoneke, ndimo mudali zipinda za antchito, malo ochapira ndi pogona dalaivala. Bokosi loyera limaoneka ngati lili m'malere chifukwa anthu olisamalira adabisidwa mumthunzi. Pachipata pali kanyumba ka wosamalira dimba, komangidwa potsata mfundo zomwe zija koma kakang'ono kwambiri. Le Corbusier ankakaona ngati chitsanzo cha nyumba yotsika mtengo ya banja la munthu wamba, ndipo UNESCO idakalemba pamodzi ndi nyumba yaikulu.

Ife Amalaŵi kanyumba kotere timakadziŵa. Takaona kuseri kwa nyumba za ku Area 10 ku Lilongwe ndi za ku Kabulonga ku Lusaka, ndipo abale athu ambiri amene adapita ku Harare ndi ku Johannesburg adakalambira m'tinyumba totere, akusamalira maluŵa a eni. Tisanaloze chala ku Poissy tiyambe tayenda kuseri kwa nyumba zathu za paparishi, tione kumene amagona wophika ndi mlonda. Pulani ya nyumba imaulula mmene womanga amaŵerengera anthu: yani apatsidwe dzuŵa, yani mthunzi, yani adzere khomo lakumaso.

Mmisiri amene adaphunzira

Tikadalekera pomwepa tikadamlakwira Le Corbusier, pakuti munthuyu sadaime pa Poissy. Atakagwira ntchito ku India m'zaka za m'ma 1950, pomanga mzinda wa Chandigarh ndi nyumba zina ku Ahmedabad, adakumana ndi dzuŵa loŵaula ndi mvula yamkuntho. Kumeneko nyumba zake zidasintha: adaika zotchinga dzuŵa zakuya kutsogolo kwa mazenera, ndi madenga aakulu oima pamwamba ngati ambulera.

M'zaka zomwezo Eklezia adamuitana, ngakhale sadali Mkatolika. Wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, Bambo Marie-Alain Couturier, ankakhulupirira kuti ndi bwino kupereka ntchito ya Eklezia kwa mmisiri waluso lenileni, ngakhale wakunja kwa mpingo, kusiyana ndi kuipereka kwa munthu wopembedza koma wopanda luso. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tchalitchi cha Notre-Dame du Haut ku Ronchamp chidatha mu 1955, ndipo nyumba ya Adominikani ya La Tourette, pafupi ndi mzinda wa Lyon, idatsekulidwa mu 1960. Ku Ronchamp madzi a padenga lonse amasonkhana natsika pa mpopi waukulu wa konkire, woonekera kwa aliyense, kugwera m'chitsime chokonzedwa pansi. Mvula imene ku Poissy idali mdani wobisika, kuno idapatsidwa njira yake poyera. Ku La Tourette chipinda cha mmonke aliyense ndi chopapatiza, koma chili ndi kakhonde kake koyang'ana kunja, ndipo makonde aatali amatsogolera onse ku tchalitchi ndi kodyera.

Nchifukwa chiyani ntchito zimenezi zidamkhalira bwino? Ife tikuganiza kuti nchifukwa chakuti adapeza anthu okhala ndi moyo wodziŵika, wa malamulo ake ndi nthaŵi zake, umene mmisiri sakadatha kuusintha. Adayenera kumvetsera. Iye mwini ankakumbukira kaŵirikaŵiri nyumba ya amonke ya ku Ema, pafupi ndi Florence, imene adaiona ali mnyamata mu 1907, mmene idagwirizanitsira moyo wa munthu payekha ndi moyo wa gulu. Ku Poissy adamangira munthu wa m'maganizo ake. Ku La Tourette adamangira anthu amene adalipo kale.

Tibwerere kwathu

Tsono ife a ku Mchinji titengepo chiyani? Poyamba tizindikire kuti zina mwa mfundo zisanu zija makolo athu adazidziŵa kale, ngakhale sadazilembe m'buku. Nkhokwe ya chimanga imaima pa miyala kapena pa mitengo, pansi pake pali poyera, kuti chinyontho ndi chiswe zisafike pa dzinthu. Khola la nkhunda nalonso lili m'mwamba. Chigafa cha fodya ndi mizati ndi denga basi, makoma mulibe, ndipo m'kati mwake mlimi amagaŵa malo mmene afunira. Munthu amene ankasirira nkhokwe za ku America, akadaona nkhokwe za ku Kanengo ndi za m'midzi ya kuno, sakadazinyoza. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu mizati idabadwa chifukwa cha chiswe ndi mvula, ndipo denga lathu silidayambe lakhalapo lafulati. Limatsetsereka, limatuluka kunja kwa khoma, ndipo pansi pake pamabadwa khonde, pamene mlendo amalandiridwa, mai amasenda mtedza, ndipo khoma la dothi limatetezedwa ku madzi.

Amishonale a chipani cha White Fathers, amene adatsekula seminale ya Kachebere mu 1939, patangopita zaka 8 Villa Savoye itatha, adali anthu a ku Ulaya, ndipo zambiri adabwera nazo kuchokera kwawo. Komabe mabulazala awo omanga adagonjera nyengo ya dziko lino: m'mamishoni ambiri akale timaona njerwa zootcha za dothi la pomwepo, makoma ochindikala, madenga otsetsereka ndi makonde aatali. Maiko athu atalandira ufulu, kamangidwe katsopano kadafika ndi mphamvu, monga tionera pa Capital Hill ku Lilongwe, kumene likulu lidasamukira mu 1975, ndi pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, imene Julian Elliott adathandiza kulemba mapulani ake. Konkire ndi galasi zidasanduka chizindikiro cha chitukuko.

Masiku ano m'matauni mwathu mwafala nyumba za denga lobisika: makoma amakwezedwa kubisa malata, kuti nyumba ioneke ngati bokosi, khonde nkulichotsa. Tidaona nyumba yotere pa parishi ina imene sitiitchula. Ngalande za madzi adaziika kuseri kwa makoma okwezedwa aja. Masamba a mango atadzaza, mvula yoyamba idasefukira m'kati, siling'i idagwa, ndipo mabuku a ubatizo adachita kuŵayanika pa dzuŵa. Akhristu amene adasonkha ndalama zomangira adasonkhanso zokonzera. Apa tidatengera maonekedwe a nyumba ya ku Poissy pamodzi ndi matenda ake, koma nzeru yake ya kuŵala ndi kayendedwe ka anthu tidaisiya komweko.

Chitsanzo chosiyana chilipo pafupi, ku Kasungu. Mu 2015 amisiri a MASS Design Group adamaliza kumanga chidikiro cha amai oyembekezera pachipatala cha boma. M'malo momanga holo imodzi yaikulu, adamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, monga pamudzi, ndi njerwa za dothi lotsindira zosaotcha, ndi madenga otuluka kunja kwambiri, opereka mthunzi ndi pobisalira mvula. Adalingalira kuti mai woyembekezera amabwera ndi womdikirira, kuti amaphika, amachapa ndi kucheza panja. Imeneyi ndi ntchito yamakono ndithu, yopanda zokongoletsa zachabe, koma idayambira pa moyo wa anthu ake.

Udindo wathu

Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatikani, m'chikalata chake cha za mapemphero a Eklezia cha mu 1963, udaphunzitsa pa nambala 123 kuti Eklezia sadasankhe mtundu umodzi wa luso kukhala wakewake, ndipo kuti luso la masiku athu ndi la mafuko onse lili ndi malo ake. Pa nambala 124 udapempha kuti tifunefune kukongola kwaulemu koposa kudzionetsera chuma, ndipo pa nambala 129 udalamula kuti ophunzira zaunsembe aphunzitsidwe mbiri ya luso lopatulika. Choncho nkhani ya mapulani ndi gaŵo la maphunziro athu, ndipo sitingaitaye kwa kontilakita tokha nkumangodikira makiyi.

Sitikunena kuti wansembe asanduke wolemba mapulani. Tikunena kuti adziŵe mafunso oyenera kufunsa pulani isanasainidwe. Madzi a padenga adzatsikira kuti, ndipo ngalande ikatsekeka adzaikonza ndani? Dzuŵa la mu Okutobala lidzaloŵera mbali iti? Mai wobwera kudzaonana ndi bambo mfumu adzadikira pati mvula ikugwa? Wophika adzagona m'chipinda chotani? Galasi likasweka, lina lidzapezeka pa Mchinji boma kapena ku Chipata, kapena mpaka kuitanitsa kunja? Mafunso ameneŵa wansembe asaŵayankhe yekha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo a komiti ya tchalitchi, amai a m'mabungwe ndi amisiri a m'mudzi amadziŵa za mphepo ndi dothi la pamalopo zimene pepala silinena.

Amene adzachite mwai wofika ku France, tikumlimbikitsa kuti akaione Villa Savoye. Akakwere njira yopendekeka ija mosafulumira, akaphunzire mmene kuŵala kumagwirira ntchito m'manja mwa katswiri. Koma potuluka akaimenso pa kanyumba ka pachipata, ndipo akakumbukire makalata a Mai Savoye, amene adalipira nyumba yotchuka pa dziko lonse nakhala zaka zambiri akupempha kuti denga lake lileke kudontha.